Otsegula reprografia ku Nsadzo asalowe lendi ya madola

Abale ndi alongo a ku Nsadzo, ku Mualadzi ndi midzi yonse ya m'mbali mwa msewu wa ku Cassacatiza, nkhani yathu ya lero ikukhudza anyamata ndi atsikana amene akugula kompyuta ndi makina osindikizira kuti atsegule reprografia pa msika. Ikukhudzanso inu makolo amene mumatapa pa ndalama za fodya n'kuwapatsa kuti ayambire. Ntchito imeneyi ndi yabwino ndipo tikuiyamikira, pakuti n'zowawa kuti munthu akwere chapa mpaka ku Tete, kapena aoloke malire kupita ku Katete, chifukwa cha makonvite a ukwati kapena chikwangwani cha pa sitolo. Koma pali msampha umodzi umene tikufuna kuti muudziwe ndalama isanatuluke m'thumba.

Kompyuta payokha siyala mawu ndi zithunzi pa pepala. Imafuna pulogalamu, ndiye kuti chida cha m'kati mwake chimene wojambula amagwirira ntchito. Kale zida zimenezi zinkagulidwa monga m'mene timagulira khasu: kulipira kamodzi, kupita nalo kwanu, n'kulimira mpaka lithe. PageMaker, imene inatuluka mu 1985 n'kuyalira manyuzipepala ambiri, inkagulidwa motero. Koma mu 2013 kampani ya Adobe ya ku America, mwini wake wa Photoshop, Illustrator ndi InDesign, inalengeza kuti mapulogalamu ake atsopano sadzagulitsidwanso, adzakhala obwereketsa. Pa Chipwitikizi amati assinatura, koma dzina lake lenileni ndi lendi. Mukalephera kulipira, pulogalamuyo imatseka chitseko. Ntchito zonse zimene munajambula zimakhala zili momwemo m'kompyuta yanu, koma chida chozikonzera mulibenso.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mu 2024 mapulogalamu onse a Adobe pamodzi ankalipiridwa madola 59.99 pa mwezi ku America, kwa munthu wosaina chaka chathunthu. M'chaka chimenecho dola imodzi inkasinthidwa pa meticais pafupifupi 64, ndiye kuti opitirira 3,800 pa mwezi, kapena 46,000 pa chaka. Malipiro otsikitsitsa amene boma lathu linakhazikitsa a wogwira ntchito za ulimi m'chaka chomwecho anali meticais 6,338 pa mwezi. Mitengo imasiyana dziko ndi dziko, inde, koma mukuona nokha kuti lendi yotere imadya kuposa theka la malipiro a munthu wodyetsa banja, tisanawerenge pepala, tinta, magetsi ndi megas. Mu 2025 mtengo wa ku America unakweranso kufika pa madola 69.99.

Komabe chimene chikutidetsa nkhawa kwambiri ndi kalipiridwe kake. Kuno ndalama ili ndi nyengo. Imabwera fodya akagulidwa, chimanga ndi soya zikatuluka m'munda, ndipo ndi pamene anthu amamangitsa maukwati, kutsegula timasitolo ndi kufuna zikwangwani. M'miyezi ya mvula, kupatula masabata ochepa a matrícula, mwini reprografia amangokhala pakhomo kudikira wodzajambulitsa B.I. Lendi ya madola sidziwa mwezi wa njala. Imafuna khadi la banki lotha kulipira kunja, imafuna kuti m'khadimo mukhale ndalama tsiku lomwelo mwezi uliwonse, ndipo pulogalamuyo imayesa kulowa pa intaneti masiku 30 aliwonse kuti itsimikize kuti mwalipira. Tonse tikudziwa m'mene netiweki imakhalira m'midzi yathu ina, kumene foni imagwira ya ku Zambia kuposa ya kwathu.

Wina asaganizenso kuti adzangoleka zikamuvuta. Mgwirizano wa chaka wolipira mwezi ndi mwezi uli ndi chindapusa: wosiya pakati, masiku 14 oyamba atadutsa, amalipira theka la ndalama za miyezi yotsala. Mu Junho 2024 boma la America lenilenilo linasumira Adobe, likunena kuti chindapusachi sichinkaonetsedwa poyera kwa ogula. Ngati anthu akumeneko, amene Chingerezi ndi chinenero chawo, anadandaula kuti sanachione, nanga mwana wathu amene akusaina pa foni ali pansi pa mtengo wa mango?

Chida chobwereka mwini wake amachisintha m'mene wafunira, osakufunsani. Kusinthaku kumabwera ndi kauthenga kaulemu kakuti actualização. Chakumapeto kwa 2022, Adobe ndi kampani ya Pantone, imene imapereka manambala a mitundu ya utoto kwa osindikiza, zitasiyana maganizo, ojambula ambiri anatsegula ntchito zawo zakale n'kupeza mitundu ina itasanduka yakuda, ndipo anauzidwa kuti alipire lendi yachiwiri kuti ibwerere. Mu Outubro 2019 anthu a ku Venezuela analandira kalata yakuti maakaunti awo atsekedwa chifukwa cha lamulo la boma la America lolanga dziko lawo. Chigamulocho chinasinthidwa patapita masabata ochepa, koma wosindikiza wa ku Caracas anali atadziwa kale kuti khasu lake lili m'manja mwa andale a dziko lina. Nayo Microsoft inalengeza kuti Publisher, imene ambiri anaphunzirirapo kupanga makonvite, mapeto ake ndi Outubro 2026, ndipo Windows 10, imene ili m'makompyuta ambiri a kaunjika, inasiya kusamalidwa mwa nthawi zonse pa 14 Outubro 2025. Tsono musamadine actualização muli pakati pa ntchito ya munthu. Malizani, perekani, sungani mafayilo pa fulashi, ndiye muganize ngati kompyuta yanu yokalambayo ingathe kusenza pulogalamu yatsopano.

Tikudziwa yankho limene ambiri ali nalo mumtima: pulogalamu yothyola, imene amisiri a m'tauni amaika pa mtengo wa kabotolo ka refresco. Sitingakulimbikitseni zimenezo. Choyamba ndi kuba, ndipo lamulo limaletsa. Chachiwiri, m'mapulogalamu othyola ndi m'mene mumabisala mavairasi, ena otseka mafayilo onse mpaka mwini wake alipire dipo. Kumbukirani kuti m'kompyuta ya pa reprografia mumadutsa ma B.I., masetifiketi ndi madeclaração a mudzi wonse.

Nanga achite chiyani? Maganizo athu ndi awa. Ntchito zambiri za kuno, monga requerimento, mndandanda wa mayina a kalabu ya alimi kapena kapepala ka nyimbo za kwaya, sizifuna Photoshop ngakhale pang'ono. LibreOffice, imene ndi yaulere, imakwanira. Pa timabuku ndi makalendala pali Scribus, pa zizindikiro ndi zikwangwani pali Inkscape, pa zithunzi pali GIMP. Zinayi zimenezi lamulo lake limalola kuzikopera pa fulashi ndi kugawira mnzako, zimagwira popanda intaneti, zili ndi Chipwitikizi, ndipo palibe amene angazitseke ali kutali. Sitibisa kuti poyamba zimavuta kuzizolowera ndipo ozidziwa oti akuphunzitseni ndi ochepa. Amene ali ndi mpamba wokwanira aganizire CorelDRAW ya ku Canada, imene osindikiza zikwangwani ambiri anaizolowera, koma afunse yogula kamodzi, pakuti nayonso ili ndi ya lendi. Palinso Affinity, imene kampani ya Canva inagula mu Março 2024 n'kuyamba kuipereka kwaulere pa 30 Outubro 2025. Ndi chida champhamvu ndithu, ngakhale chimafuna kompyuta ya nyonga ndi akaunti ya Canva. Chitengeni, koma musaiwale kuti mwini wake alipo, ndipo wopereka lero angathe kusintha mawa. Adobe muibwereke pokhapokha mutapeza ntchito yaikulu imene ikuifunadi, mulipire mwezi umodzi wokha wopanda mgwirizano wa chaka, ndipo mtengo wake muuike m'malipiro a ntchitoyo.

Musanasankhe chilichonse, funsani wa makina aakulu amene mudzamutumizire ntchito, kaya ali ku Tete kapena ku Chipata, kuti amalandira fayilo yotani. Ambiri amalandira PDF, ndipo PDF imatuluka m'mapulogalamu onse tatchulawa. Fayilo ya CorelDRAW yatsopano sitseguka m'yakale, ndipo ulendo wonse ungathe kupita pachabe chifukwa cha chimenechi. Mitundu imene mumaiona pa galasi la kompyuta ndi ya kuwala, pamene makina osindikizira amasakaniza tinta zinayi zimene amazitcha CMYK, n'chifukwa chake chobiriwira chowala cha pa foni chimatuluka chozimirira pa pepala. Scribus imatha kukonza fayilo m'njira ya CMYK, ndipo ndi bwino kuyesa pepala limodzi musanasindikize 200. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwa wamba chimaphwanyidwa kuti chipepuke; uzani makasitomala azitumiza ngati documento.

Pali kanthu kenanso kamene ife a chigawo chino sitiyenera kukanyozera, ndiko zilembo. Pepala limodzi la kuno limatha kukhala ndi ç ndi ã za Chipwitikizi pamodzi ndi ŵ imene abale athu a ku Malawi amalemba m'mabuku ena. Si mitundu yonse ya zilembo imene ili nazo, ndipo pamene chilembo chasowa pamatuluka kabokosi kopanda kanthu pakati pa dzina la munthu. Chinyanja chinalowa m'kalasi kuno ku Tete ndi ntchito yoyesera ya PEBIMO m'zaka za 1993 mpaka 1997, ndipo kuyambira 2003 maphunziro a zinenero ziwiri analowa m'dongosolo la dziko. Aphunzitsi amenewa amafuna mapepala a m'chinenero chathu, ndipo reprografia imene idzawalembera mosaphonya chilembo sidzasowa ntchito.

Kwa inu akuluakulu a sukulu, a mipingo ndi a magulu a alimi amene mumalipira ntchito zimenezi, musamachoke ndi mapepala okha. Pemphani PDF ya chizindikiro chanu ndi fayilo yake yoyambirira pa fulashi yanu, kuti mwini reprografia akasamukira ku Tete kapena kompyuta yake ikapsa ndi mphenzi musadzayambirenso kulipira. Ndipo akuluakulu a boma la Chifunde pamodzi ndi mabungwe amene amaphunzitsa achinyamata za kompyuta tikuwapempha kuti, asanavomereze maphunziro aliwonse, afunse wophunzitsayo kuti pulogalamu imene akuphunzitsa idzalipiridwa ndi yani maphunzirowo akatha, ndiponso ndi ndalama ya dziko liti.