Timizere ta m'mwala si umboni wa moyo

Sabata yatha mnzanga wina anaponya nkhani pa gulu lathu la WhatsApp yonena kuti asayansi apeza zamoyo zakale kuposa zonse, m'miyala yomwe kalekale inali pansi pa nyanja yamchere. Ine ndinangofunsa kuti: apeza chamoyo, kapena apeza chinthu chooneka ngati chamoyo? Anandiyankha kuti ndimakonda makani. Chabwino, makaniwo ndawabweretsa pano.

Sindikukana kuti pansi pa nyanja pakanatha kukhala tizamoyo tosaoneka ndi maso. Mu 1977 asayansi anapeza akasupe otentha pansi pa nyanja pafupi ndi zilumba za Galápagos, zamoyo zili piringupiringu pamalo posafika dzuwa. Mu 2000 anapezanso malo otchedwa Lost City m'nyanja ya Atlantic, komwe madzi akakumana ndi miyala ya olivine pamatuluka mpweya wa hydrogen, umene mabakiteriya ena amadya ngati nsima. Nyumba inalipo, chakudya chinalipo. Koma kupeza nyumba si kupeza mwini wake, ndipo apa ndi pamene ife ophunzira timagwera.

Taonani zomwe zinachitika ku Barberton, ku South Africa. Kumeneko kuli miyala ya zaka pafupifupi 3.5 biliyoni, yobulungira ngati mapilo chifukwa chiphalaphala chinazizira msanga chitatulukira m'madzi. Mu 2004 Harald Furnes ndi anzake analemba m'magazini ya Science kuti timachubu tating'ono tomwe tili m'mphepete mwa mapilowo tinabooledwa ndi tizilombo todya mwala. Ganizoli silinali lopusa ayi, popeza tinjira totere timapezekanso m'miyala yatsopano ya pansi pa nyanja. Nkhaniyo inafala, anthu anaitchula m'mapepala awo kwa zaka khumi. Kenako mu 2014 Eugene Grosch ndi Nicola McLoughlin anayeza zaka za titanite, mwala womwe unadzaza m'timachubuto, n'kupeza zaka pafupifupi 2.9 biliyoni. Ndiye kuti timachubuto n'tating'ono msinkhu poyerekeza ndi mapilowo, kusiyana kwake zaka mamiliyoni mazana angapo. Iwo anati tinapangika ndi kutentha kwa chiphalaphala china chomwe chinalowerera m'miyalayo pambuyo pake. Chomwe chimandigwira mtima n'chakuti McLoughlin yemweyo anali atalembapo kale zogwirizana ndi ganizo loyamba lija. Anadzitsutsa yekha. Ndani wa ife anaponya nkhani imeneyo pa gulu? Palibe. Kubweza mawu sikukoma ngati kulengeza.

Ku Isua, ku Greenland, zinayendanso chimodzimodzi: mu 2016 akuti apeza milu yomangidwa ndi mabakiteriya ya zaka 3.7 biliyoni, mu 2018 Abigail Allwood akuti n'kupindika chabe kwa mwala.

Tsono nkhani ya mnzanga ija inali ya ku Nuvvuagittuq, ku Quebec m'dziko la Canada. Mu 2017 Matthew Dodd, Dominic Papineau ndi anzawo anafotokoza m'magazini ya Nature za timachubu ndi tiulusi ta hematite ta zaka zosachepera 3.77 biliyoni, mwinanso mpaka 4.28 biliyoni. Atolankhani anathamangira nambala yaikuluyo. Koma mu 2019 Sean McMahon anaonetsa kuti timachubu tachitsulo tofanana nato timamera tokha mu labu ukangosakaniza mankhwala, popanda chamoyo chilichonse. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Izi sizikutanthauza kuti Dodd ananama. Zikutanthauza kuti mlandu sunathe, ndipo amene akulemba kuti "apeza" akugamula mlandu woweruza asanalowe m'bwalo.

Wina anena kuti kachilombo ka zaka mabiliyoni anayi sikangamugulire ufa, ndiye zili ndi ntchito yanji. Ntchito ilipo. Njira zomwezi ndi zimene zidzagwiritsidwe poyeza miyala yomwe galimoto ya Perseverance ikutolera ku Mars kuyambira 2021. Komanso mutu womwe umameza mutu wa nkhani osawerenga pepala lenilenilo ndi womwewo udzameze mankhwala ochiza zonse otsatsidwa pa Facebook, n'kudzalemba lipoti la ku ofesi motero.

Mnzanga uja ndamutumizira mapepala awiri, la Dodd ndi la McMahon. Watsegula uthengawo, timizere tiwiri tabuluu ndationa, koma mpaka lero sanayankhe.