Kunenepa kwa boa si umboni: mkangano wa mavairasi pakati pa oweta njoka

M'mayiko monga United States, Germany ndi Britain, kumene kuweta njoka m'nyumba kudasanduka malonda aakulu, oweta akhala akukangana kwa zaka zambiri ngati n'koyenera kusunga njoka za mtundu wa boa, zomwe kwawo n'ku Central ndi South America, m'chipinda chimodzi ndi nsato, makamaka nsato yaing'ono yotchedwa Python regius yomwe imatumizidwa kunja yambirimbiri kuchokera ku Togo, Benin ndi Ghana. Mkanganowu ukadatha kalekale anthu akadamakangana umboni uli m'manja, koma mbali imodzi ikukakamirabe kuweruza thanzi la njoka poyang'ana khungu ndi kadyedwe kake, chonsecho matenda amene akukambidwawo amabisala bwino kwambiri m'njoka yonenepa ndi yosalala khungu. Amene akunena kuti mitundu iwiriyi izikhala motalikirana, ndiponso kuti njoka yatsopano iliyonse iziyezedwa isanalowe m'gulu la zinzake, ndiwo akulondola.

Matendawa amatchedwa Inclusion Body Disease, mwachidule IBD, chifukwa cha timibulu tomwe madokotala a nyama amationa ndi makina okuza zinthu mkati mwa maselo a njoka yodwala, timene pambuyo pake tidadziwika kuti ndi mapuloteni a vairasi ounjikana. Adayamba kuoneka m'njoka zowetedwa ku United States m'zaka za m'ma 1970, koma gwero lake silidadziwike kufikira mu 2012, pamene Mark Stenglein ndi Joseph DeRisi a ku University of California, San Francisco, atafufuza njoka zingapo kuphatikizapo za ku Steinhart Aquarium mumzinda womwewo, adapeza mavairasi a banja la arenavirus, lomwe kufikira nthawi imeneyo linkadziwika m'nyama zoyamwitsa zokha, makamaka makoswe ndi mbewa. Chaka chotsatira ofufuza a ku Helsinki ndi ku Rotterdam adapeza mavairasi a mtundu womwewo m'njoka zowetedwa ku Ulaya, ndipo lero gulu lonseli limatchedwa reptarenavirus. Njoka yomwe matendawa aifika mu ubongo imanjenjemera mutu, imapinda khosi n'kuyang'ana kumwamba kwa nthawi yaitali, ndipo imalephera kutembenuka ikagonekedwa chagada, pamene zina zimasanza chakudya, kuwonda ndi kugwidwa zilonda za m'kamwa kapena chibayo. Mankhwala kulibe, katemera kulibenso.

Umboni wolemera kwambiri udatuluka mu 2017, pamene gulu la Stenglein lidabaya vairasi yotchedwa Golden Gate virus m'njoka za boa ndi m'nsato za Python regius n'kuzilondoloza kwa nthawi yaitali. Nsato zidadwala kwambiri mu ubongo m'miyezi iwiri yokha, pamene njoka za boa zidatha zaka ziwiri popanda chizindikiro chilichonse cha matenda, ngakhale kuti vairasiyo idachuluka m'thupi mwake ndipo timibulu tija tidadzaza m'ziwalo zosiyanasiyana, ndi mu ubongo momwe. Tanthauzo la zimenezi kwa woweta ndi loopsa: njoka yomwe ikuoneka yathanzi kuposa zonse m'chipindamo ikhoza kukhala nkhokwe ya vairasi yomwe ingaphe nsato ya m'bokosi loyandikana nalo, ndipo mwini wake, poona nsato ikufa boa ikunenepa, adzakayikira nsato yomwe yafayo m'malo mokayikira yomwe yatsalayo.

Otsutsa ali ndi nyimbo imodzi yomwe sasintha: akuti asunga boa ndi nsato pamodzi kwa zaka zambiri popanda maliro, ndipo akuti kuyezetsa ndi njira yomwe malabotale amadyera ndalama za anthu amantha. Mfundo yoyambayo ndi yofanana ndi ya mlimi amene adasakaniza nkhuku yogula pamsika ndi za m'khola mwake, chitopa n'kumulambalala, kenaka n'kumalalikira kuti chitopa n'chongopeka. Yachiwiriyo siyenera ngakhale kuyankhidwa nthawi yaitali, popeza mtengo woyezetsa njoka imodzi sungafanane ndi kutaya gulu lonse lomwe munthu waliweta kwa zaka.

Pali mfundo zina za otsutsa zomwe zili ndi thupi, ndipo n'kusalungama kuzinyalanyaza. Kafukufuku wa 2017 adachitika pa njoka zochepa, ndipo vairasiyo idabayidwa mumtima mwenimweni, zomwe sizichitika m'nyumba ya woweta aliyense. Njira yomwe vairasi imadutsira kuchoka m'bokosi lina kupita m'linzake sidatsimikizidwe mokwanira, ndipo nthata za njoka zotchedwa Ophionyssus natricis, zomwe zimayamwa magazi n'kuyenda kuchoka pa njoka ina kupita pa inzake, zakhala zikukayikiridwa kwa zaka zambiri popanda umboni wotseka mlandu. Komabe kusadziwika kwa njira sikupereka chilolezo chosakaniza njoka. Njira ikadadziwika, woweta akadatseka khomo limodzi lokhalo n'kupuma, koma poti sikudziwika ayenera kutseka makomo onse omwe angathe: chipinda chosiyana, mbale za madzi ndi zopanira chakudya zosiyana, kusamba m'manja pochoka pa njoka ina kupita pa inzake, kuthana ndi nthata zikangooneka, ndi kusapatsa njoka khoswe yemwe ina yamukana.

Mbali ya osamala nayonso ili ndi anthu opyola muyezo, omwe amafuna kuti boa iliyonse yopezeka ndi vairasi iphedwe tsiku lomwelo, kapena amaopseza anthu kuti matendawa angagwire ana m'nyumba. Mantha achiwiriwa amachokera pa ubale wa mavairasiwa ndi a Lassa ku West Africa komanso Lujo, yomwe mu 2008 idagwira anthu asanu pakati pa Lusaka ndi Johannesburg n'kupha anayi. Koma a m'njoka amaswana bwino pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 30 ndipo amavutika pa madigiri 37 a thupi la munthu, ndiponso palibe munthu yemwe adalembedwapo kuti adadwala IBD. Boa yopezeka ndi vairasi koma yosadwala ikhoza kusungidwa payokha moyo wake wonse, malinga ngati siyiswetsedwa kapena kugulitsidwa, ndipo kuipha n'koyenera pokhapokha ikayamba kuzunzika.

Kusaswetsako n'kofunika chifukwa mu 2017 womwemo ofufuza a ku Zurich ndi ku Helsinki adaonetsa kuti njoka za boa, zomwe zimabereka ana amoyo mosiyana ndi nsato zomwe zimaikira mazira, zimapatsira ana mavairasiwa asanabadwe. Apa ndi pamene mwambo wotchuka wobindikiritsa njoka yatsopano kwa miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi umaonekera kufooka kwake, pakuti boa yomwe ingathe zaka ziwiri osaonetsa kanthu idzatuluka m'chibindikirocho ikuoneka bwino monga idalowera. Kubindikiritsa kumathandiza pokhapokha kukayendera limodzi ndi kuyeza magazi, kaya poyang'ana timibulu tija m'maselo kapena mwa njira ya PCR, yomwe imafufuza zidutswa za chibadwa cha vairasi, ndipo kuyezako kuyenera kubwerezedwa. Pa nsato nkhani ndi yovutirapo, chifukwa m'kafukufuku wa gulu la Stenglein uja vairasi idapezeka m'minyewa ya mu ubongo ndi ya mu msana yokha, kutanthauza kuti magazi opanda vairasi sapereka chitsimikizo chokwanira.

Cholakwika china cha mkanganowu n'chakuti waika mlandu wonse pa boa, ngati kuti woweta nsato zokhazokha alibe nkhawa. Mu 2014 mudapezeka vairasi ina ya gulu la nidovirus, yomwe masiku ano imatchedwa serpentovirus, m'nsato zodwala chibayo, ndipo mu 2018 Laura Hoon-Hanks ndi anzake ku Colorado State University adatsimikiza poyesa kuti imadwalitsadi Python regius, njoka n'kumatuluka mamina ambiri m'kamwa ndi kupuma movutikira. Vairasi imeneyi imapezeka kwambiri m'nsato kusiyana ndi m'njoka za boa, ndipo imayezedwa popukuta m'kamwa ndi kathonje, motero woweta amene wagula nsato pa chionetsero cha malonda monga Terraristika cha ku Hamm ku Germany, kumene njoka za oweta ambirimbiri zimakumana pamalo amodzi, ayenera kuiyezetsa ngakhale m'nyumba mwake simudalowepo boa.