Belu siliyembekezera malonje

Ahedi akakuuzani kuti muli ndi mphindi zisanu pa asembule, dziwani kuti ziwiri zatha kale ana akukankhana pamzere. Dzuwa lawawomba, ena m'mimba mulibe kanthu, ndipo wogunda belu waima kale ndi kachitsulo kake.

Ine ndidagwa nazo pasukulu ina ya sekondale, komwe adandipempha kukopa ophunzira kuti adzapereke magazi. Ndidayamba ndi malonje: ahedi, achiwiri awo, aphunzitsi onse, mapulifekiti, ngakhale alonda. Pomwe ndinkati ndilowe m'nkhani, belu lidalira. Adalembetsa anayi, ndipo mmodzi ankayesa kuti ndi ulendo wa kunyanja.

Teremu yotsatira tidapita ndi namwino wina wachikulire. Iye adangoti "Mwadzuka bwanji ana anga?" n'kukweza thumba la magazi lopanda kanthu. Adawauza kuti mumalowa mamililita 450, botolo limodzi ndi theka la Fanta, pomwe munthu wamkulu amayenda ndi malita pafupifupi 5. Kenako adatchula woyembekezera thumbalo: mayi wotaya magazi pochira, mwana amene malungo amuyeretsa zikhatho. Pabwalo padati zii, chifukwa zikhatho zoterozo ambiri adaziona kwawo.

Chomwe chidandigometsa n'chakuti mantha adawatchula yekha asadafunsidwe. Singano imawawa, inde, koma pang'ono. Za anamapopa, mphekesera zomwe zidaphetsa anthu cha ku Mulanje ndi Phalombe mu 2017, adazinena poyera, ana n'kuseka. Mwana amene agogo ake adamuopseza sangakweze mkono kufunsa pagulu. Amangosowa pa tsiku lopereka magazi.

Ambiri timasochera pano. Timalalikira za kukonda dziko ndi mtima wodzipereka, ngati kuti anawo ndi ouma mtima. Chonsecho magazi ambiri omwe a Malawi Blood Transfusion Service amatolera amachokera kwa ophunzira omwewa, n'chifukwa chake sukulu zikatsekera m'zipatala mumavuta, makamaka m'dzinja pomwe malungo afika pachimake. Mtima ali nawo kale. Akufuna amve tsiku, malo ndi nthawi yomwe ziwatengere.

Pali funso lina lomwe limachokera kumbuyo kwa mzere: "Nanga kangachepe kalipo?" Musazembe ndi mawu oti tidzaona. Akuluakulufe ndife tidawaphunzitsa kuti msonkhano wopanda alawansi si msonkhano, ndiye tisadabwe. Nenani mosabisa kuti ndalama palibe, koma chakumwa ndi bisiketi zilipo. Wobwera atamva zoona amadzabweranso.

Namwino uja adamaliza chonchi: "Lachinayi 2 koloko, mu holo. Wazaka 16 kupita m'tsogolo. Mudye kaye nsima." Pepala lolembetsera maina adali atalipereka kale kwa pulifekiti wa kalasi iliyonse, cholembera chomangirira ndi ulusi kuti chisayende. Belu litalira, a Fomu 3 adabwera kudzapempha pepala lachiwiri.