Kopa ni wathu, nanga windo tilephela bwanji kukonza?

Pa chalichi chathu ku Mtendere panali windo limodzi chabe limene tinali kunyadila. Linali pamwamba, kumbuyo kwa guwa: mtanda wofiila pakati, m'mbali magalasi a buluu na achikasu, onse olumikizidwa na timizele twa mtovu. Dzuwa la m'mawa likalowa, mitundu ija inali kugwela pa simenti, ndipo ife ana a Sande Sukulu tinali kulimbilana kukhala pamene pagwela buluu. Chaka china mvula ya mphepo inathyola nthambi ya mango, ndipo mbali imodzi ya mtanda inasweka.

Komiti inafunsa uku na uku. Odula magalasi m'tauni anati iwo adziwa galasi wamba chabe. Wina anati izi n'za azungu, itanani munthu ku Johannesburg. Mapeto ake anachotsa windo lonse, anaikapo galasi loyela n'kumatapo pepala la pulasitiki lamitundu. Pa zaka ziwili dzuwa linali litadya pepalalo, ndipo manje mtanda uja uoneka monga chitenge chochapidwa maningi. Zidutswa za windo lakale anazisesa n'kukataya pa zinyalala.

Ine niona kuti tinalakwitsa, koma komiti siniipatsa mlandu. Chimene chiniwawa n'chakuti komboni yathu ili pafupi na Kalingalinga, kumene anyamata amapanga mageti na mafulemu a mawindo m'mbali mwa Alick Nkhata Road tsiku lililonse, koma sitinaganizeko kuti mmodzi wa iwo angakonze windo lija. Tinamva mawu akuti "za azungu", basi tinagonja.

Ngati simunaonepo zimene galasi lamitundu limachita m'nyumba, kwelani basi mukalowe mu Cathedral of the Holy Cross ya Anglican, pafupi na Independence Avenue. Mwala wa maziko ake unaikidwa mu 1957, ndipo inatsegulidwa mu 1962, Zambia isanalandile ufulu. Khalani pa benchi masana muone kuwala kumene kumalowela pa mawindo ake ataliatali. Nyumba ija yapitilila zaka 60, ndipo windo lililonse padziko limakalamba. Funso n'lakuti: tsiku limene machalichi athu adzafuna wokonza, adzaitana ndani?

Nchitoyi ilibe matsenga. Uyamba na kujambula chithunzi pa pepala lalikulu lolingana na windo. Uika galasi pamwamba pa pepalalo, ulilemba mzele na kachipangizo kodulila, kenako ulithyola motsatila mzelewo. Zidutswa uzilowetsa m'timizele twa mtovu tumene tuli na mpata mbali zonse ziwili, monga chilembo cha H. Pamene timizele takumana uwotchelela na solda. Pomaliza ukankhila putty m'mipata kuti mvula isalowe, ndipo ngati windo n'lalikulu ulimangilila ku tizitsulo kuti lisapindike. Pali njila ina imene kampani ya Tiffany ku New York inatchuka nayo: chidutswa chilichonse uchikulunga m'mphepete na katepi ka kopa, ndiyeno uwotchelela kopa na kopa. Njila iyi ni yabwino pa zinthu zing'onozing'ono monga chovinikila nyale kapena fulemu ya galasi lodziyang'anila.

Kukonza kumafuna kudekha kuposa mphamvu. Wokonza amayamba waika pepala pa windo n'kukhwekhwezapo na pensulo kuti mizele yonse ionekele, kuti asaiwale pamene chidutswa chilichonse chinali. Ndiye amatsegula mtovu pang'onopang'ono, kuchotsa chosweka, kudula china cholingana nacho. Galasi long'aluka chabe angalimate kapena kulilumikiza na kopa. Windo lathu lija sikuti linafunika kutayidwa lonse. Linafunika zidutswa zinayi kapena zisanu.

Manje ŵelengani luso limene lifunika apa, muone ngati kulibe kwathu. Kujambula: anyamata amene amalemba zikwangwani za mabala na masaluni ku Chawama. Kudula galasi: amene amaika magalasi m'nyumba zatsopano. Kuwotchelela na solda: okonza mafoni pa Katondo Street, amene amagwila tuzinthu tung'ono kuposa njele ya mpunga. Fulemu yachitsulo: mawelda a ku Kalingalinga, George na Matero. Luso lonse lilipo, koma lili m'manja osiyanasiyana. Mutu umodzi susenza denga. Anthu anayi awa atakhala pa tebulo limodzi, windo likhoza kuima.

Pali chinthu china chimene chimanichititsa manyazi. Mtundu wa galasi loona si penti ayi, uli mkati mwa galasi, ndipo umachokela ku miyala ya m'migodi imene amasakaniza posungunula. Buluu wakuya uja ni cobalt. Kopa amapeleka kufiila kapena kubiliwila, malinga na mmene aphikila. Manganese amapeleka papo. N'chifukwa chake mawindo a ku Chartres ku France, a zaka zoposa 700, akali kuwala, pamene pepala lathu la pulasitiki linafa pa zaka ziwili. Kopa na cobalt timakumba ku Copperbelt, manganese ku Luapula. Timatumiza kunja miyala, ena n'kuisandutsa kuwala, ife n'kumati n'za azungu.

Nidziwa zimene ena mukamba mumtima: "Iwe, ku Kanyama madzi amalowa m'nyumba mvula iliyonse, kolela ili pakhomo, unga wadula. Ndani adzagula galasi la buluu?" Funso ili n'loona, ndipo sinikuti windo lipose ngalande. Koma yang'anani bwino. Ngakhale m'komboni timalipila kukongola. Geti ya maluwa achitsulo imadula kuposa geti wamba, koma imagulidwa. Pa kitchen party palibe amene amafuna kubweletsa mphatso yosaoneka bwino. Chalichi chilichonse chimene chimanga chimafuna kuoneka kuti n'chalichi. Onjezelani malodge, nyumba zatsopano za ku Chalala, alendo a pa Kabwata Cultural Village na msika wa pa Sondo pa Arcades. Wogula sakhala m'komboni nthawi zonse, koma wopanga angakhale m'komboni, monga mmene zilili na mageti.

Vuto lalikulu ni galasi lenilenilo. Galasi lamitundu limachokela kunja ndipo n'lodula. Fakitale ya Kapiri Glass, imene inali kupanga mabotolo ku Kapiri Mposhi, inatsekedwa m'zaka za m'ma 1990. Kusungunula galasi kufuna ng'anjo yotentha kuposa madigiri 1,000, ndipo na mmene malaiti anavutila mu 2024, palibe wachinyamata amene angayambile pamenepo. Koma anzathu ena anayamba na zinyalala. Ngwenya Glass ku Eswatini, imene inayamba mu 1979 n'kutsegulidwanso mu 1987, imapanga zinthu zake na mabotolo otayidwa. Ku Kitengela, pafupi na Nairobi, Nani Croze anayambitsa malo opangila mawindo amitundu na zokongoletsa, ndipo kumeneko nakonso galasi lotayidwa lili pa nchito. Ife mabotolo obiliwila na a bulauni ali mbwee m'ngalande na ku Chunga. Woyamba safunika ng'anjo: matako a mabotolo angadulidwe n'kuikidwa mu simenti kapena mu fulemu yachitsulo, ndipo zidutswa zotsala kwa odula magalasi n'zokwanila pophunzilila.

Chenjezo limodzi lisaiwalike. Mtovu ni poizoni. Ife a ku Zambia sitifunika kuuzidwa: mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lelo ana akumeneko ali na mtovu m'magazi. Choncho osawotchelela m'chipinda chimene muphikilamo na kugonamo. Gwililani panja kapena pamene mphepo ipita, sambani m'manja musanagwile nsima, ana akhale kutali. Osaphwanya mabatile a motoka kuti mupeze mtovu wotchipa. Solda yopanda mtovu iliko, ndipo pa zinthu zogwilagwila ni imene iyenela.

Nanga tichite chiyani? Mu 2022 ndalama za CDF zinakwela kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse, ndipo mbali ina ni yolipilila achinyamata maphunzilo a luso la manja. Pa misonkhano ya Ward Development Committee tisamangotchula kusoka, kuphika na kuyendetsa motoka. Tifunse kuti masukulu olembetsedwa ku TEVETA, amene aphunzitsa kale za zitsulo na zomangamanga, aikeko kosi yaifupi ya galasi. Akapanda kumva kuti pali ofuna, sadzaiyambitsa. Ndipo iwe welda, iwe wokonza mafoni, usayembekezele kosi. Foni ili m'manja, mavidiyo ophunzitsa ali pa YouTube. Gula kodulila galasi, pempha zidutswa, panga kanthu kamodzi kolingana na chikhatho. Koyamba kadzakhala kokhota. Geti yako yoyamba nayo sinali yowongoka.

Kwa inu a makomiti a machalichi, pempho langa n'laling'ono. Windo lamitundu likasweka, musasese. Jambulani chithunzi na foni, tolani chidutswa chilichonse, muike m'katoni, mulembepo tsiku. Tsekani bowo na pulanga kwa kanthawi. Wokonza angachedwe chaka, koma akadzabwela adzapeza poyambila. Ife tinataya zathu, ndipo ana a Sande Sukulu a lelo sadziwa kuti pa simenti paja panali kugwela buluu.