Mwana Woopa Kusintha Aphunzitsidwe Pang'onopang'ono

M'midzi ya m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi muli ana ena amene amabvutika kwambiri zinthu zikasintha. Mwana wotere amafuna kudyera m'mbale imodzimodzi ndi kuyenda njira imodzimodzi tsiku ndi tsiku. Mtsinje ukadzaza njira ya kusukulu nisintha, kapena kukabwera mphunzitsi watsopano, iye amalira, amatseka makutu, mwinanso amadzigwetsa pansi. Makolo ena amati ndi mwano natenga mkwapulo. Ena amati walodzedwa nathamangira kwa sing'anga. Potsiriza mwanayo amacotsedwa pasukulu napatsidwa ng'ombe kuti aziweta. Kumeneku ndi kutaya mwana amene akadathandizika.

Ena mwa ana otere ali ndi cimene madokotala amacicha otizimu. M'caka ca 1943 dokotala wa ku America, Leo Kanner, analemba za ana 11 otere, ndipo cizindikiro cimodzi cimene anaona cinali kufunitsitsa kuti zinthu zikhale monga zinaliri dzulo. Otizimu si ufiti, ndipo sabwera cifukwa ca kulera koipa. Ubongo wa mwanayo unakula mosiyana ndi wa anzake. Phokoso, khamu la anthu ndi zinthu zacilendo zimamfikira ndi mphamvu yoposa, motero cizolowezi ndico pothawira pake. Palibe mankhwala ocotsa otizimu, ndipo banja logulitsa mbuzi kapena ng'ombe pofuna mankhwala otero lingotaya cuma cake.

Komabe moyo wa pamudzi sungaime. Kumagwa maliro, kumabwera alendo, ndipo cilala ca 2024 cinasintha ngakhale cakudya ca m'mabanja ambiri. Cotero mwana ayenera kuphunzira kupirira kusintha, ndipo njira yake alimi aidziwa kale. Mlimi wa fodya sazula mbande mwadzidzidzi kuziika padzuwa. Nthawi yookera ikayandikira, amacepetsa madzi pa nazale kuti mbandezo zikhwime, kenaka aziokera. Mwananso afunika kukhwimitsidwa motero.

Coyamba, mwana auzidwe zinthu zisanacitike. Ngati mawa ndi ulendo wa kucigayo, auzidwe madzulo, akumbutsidwenso m'mawa. Kwa mwana wosamva bwino mau ambiri, amai angathe kundandalika zinthu pamphasa: kapu kutanthauza phala, buku kutanthauza sukulu, cigubu kutanthauza kumjigo. Tsiku likasintha, cinthu cimodzi cicotsedwe iye akuona.

Caciwiri, pasinthidwe kanthu kamodzi kokha pa nthawi imodzi, mwanayo ali wodekha. Mbale ikasintha, malo okhala asasinthe. Akapirira, atamandidwe pomwepo. Kumpatsa zinthu ziwiri kuti asankhepo cimodzi kumacepetsa mantha, pakuti amaona kuti naye ali ndi mau.

Cacitatu, masewera aphunzitse maganizo kutembenuka. Mwana apatsidwe nyemba ndi cimanga kuti azipatule monga mwa mtundu wake. Akazolowera, lamulo lisinthe: tsopano apatule zazikulu ndi zazing'ono. Kusiya lamulo lakale ndi kutsata latsopano ndiyo nzeru imene iye ikumsowa, ndipo imakula ndi kubwereza.

Cacinai, kusintha kwakukulu kukonzekeredwe. Sukulu zisanatsegulidwe mu Januwale, kholo lipite naye akaone kalasi, cimbudzi ndi nkhope ya mphunzitsi. Banja lopita ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti limfotokozere za ng'oma ndi Gule Wamkulu, likhale naye kumphepete kwa khamu, ndipo akatopa limlole kucokapo. Mwana akagwidwa ndi mantha aakulu, imeneyo si nthawi yomlangiza. Atengedwe kupita pamalo a phee, mau akhale ocepa, phunziro lidikire mawa.

Boma lacita mbali yake pa malamulo. Lamulo la anthu olemala la 2012 limateteza ufulu wa ana otere wa kuphunzira, lamulo la ana la 2022 limaletsa kukwapula mwana monga cilango, ndipo kuyambira 2022 maphunziro m'sukulu za Boma ndi aulere. Koma lamulo silingalowe m'nyumba kukandandalika kapu ndi buku pamphasa. Imeneyo ndi nchito ya makolo ndi aphunzitsi. Zoona, mphunzitsi wa kalasi lodzaza ali ndi zambiri, koma kucenjeza mwana mmodzi belu lisanalire sikufuna ndalama.

Makolo amene aona zizindikiro zimenezi ayambire ku kiliniki yapafupi, kuti mwana apimidwe makutu ndi matenda ena monga khunyu. Azaumoyo angathe kumtumiza ku cipatala cacikulu monga ca St. Francis ku Katete. Mafumu ndi atsogoleri a mipingo nao aleke kulola kuti ana otere azichedwa maina onyoza kapena kubisidwa m'nyumba.

Zipatso za nchito imeneyi sizioneka msanga, ndipo colinga si cakuti mwanayo afanane ndi anzake m'zonse. Colinga ncakuti tsiku limene mtsinje wadzaza, iye abvomere kuyenda njira ina nakafika kusukulu. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo.