Liu Limodzi, Zinthu Ziwiri: "Mphamvu" m'Phunziro la Sayansi

Mphunzitsi wa mawa, liu lakuti "mphamvu" lidzasokoneza ana anu mukapanda kulisamala. M'Cinyanja timalichula pa zinthu ziwiri zosiyana: kukankha kapena kukoka, ndiponso nyonga imene cinthu cimakhala nayo pamene cili kuyenda. Ife tikuti musaphunzitse za kayendedwe ka zinthu musanalekanitse ziwirizi.

Ana a ku Simonga, mudzi wa pafupi ndi Zambezi kumadzulo kwa Livingstone, amalidziwa bwato. Afunseni ngati munthu wokhala m'bwato angaliyendetse pokankha mbali zake. Adzakana, nati nkhafi iyenera kukankha madzi. Akunena zoona, ndipo malamulo a Isaac Newton a m'caka ca 1687 akuvomereza: kukankhana kwa m'kati mwa gulu la zinthu sikungayendetse gulu lonselo kupita mbali imodzi. Koma mphunzitsi wopupuluma amaonjezapo kuti mphamvu za m'kati sizisintha kanthu. Apa ndipo pagona colakwa.

Taganizirani mabwato awiri oima pa madzi odikha, m'lililonse muli mwana mmodzi. Onsewa awerengeni monga gulu limodzi. Anawo akakankhana ndi manja, mabwato amataya mbali ziwiri, lina kum'mawa lina kumadzulo. Palibe wakunja amene wawakankha, komabe nyonga ya kuyenda imene panalibe tsopano ilipo. Yacokera m'minofu ya anawo, ku nsima imene anadya. Ngati bwato limodzi pamodzi ndi mwana wake lilemera makilogalamu 100, linalo 200, lopepukalo lidzathamanga liwiro lowirikiza kawiri la linzake. Koma malo a pakati pa kulemera kwa gulu lonse sadzasuntha.

Musatengere ana ku mtsinje, kuli ng'ona ndi mvuu. Pa thebulo losalala ikani mabokosi awiri a macisi, limodzi lodzaza mcenga, ndipo pakati pao mufinyire kasipuling'i ka m'bolopeni. Mukacotsa zala, ana aone okha bokosi limene lifika kutali, kenaka afotokoze m'mau ao kumene nyongayo inabisala.

Pa bolodi lembani "kukankha" mbali imodzi, "nyonga ya kuyenda" mbali inayo, ndipo musazisakanize mpaka phunziro lithe. Mwana amene waloweza colakwa ku pulaimale adzapita naco ku sekondale, kumene kudzavuta kucizula.