ZA PANYUMBA PATHU: Cipewa cokoka utsi ku Kasanda

Sabata yatha ndinali ku Kabwe kukaona azakhali anga amene akhala m'komboni ya Kasanda, ndipo zimene ndinapeza m'khichini mwao ndizo ndifuna kukambirana nanu lero, awerengi athu, popeza utsi wa pamoto susankha tauni kapena mudzi.

Kasanda ndi komboni yakale ya anchito a pa mgodi. Miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka pamalopo m'caka ca 1902, tauniyo inachedwa Broken Hill, ndipo mgodi unagwira nchito kufikira 1994. Pambuyo pake nyumba zambiri za kampani zinagulitsidwa kwa anthu amene anali kukhalamo. Ya azakhali ndi imodzi mwa izo. Khichini yake ndi yaing'ono, ya zenera limodzi, ndipo zipupa zake zinada bii ndi mwaye wa zaka zambiri.

Wina angafunse kuti, "Nanga osangotsegula citseko ndi zenera bwanji?" Kumudzi kwathu yankho limenelo ndi lokwana, koma ku Kasanda si tero ai. Dothi la kumeneko lili ndi mtovu wocuruka, ndipo m'cilimwe mphepo imanyamula fumbi kucokera ku milu ya zotsalira za mgodi ndi kulithira m'makomo mwa anthu. Mtovu umaononga ubongo wa mwana, ndipo bungwe la World Health Organization likunena kuti palibe muyeso wa mtovu m'magazi umene ungachedwe wosavulaza. Cotero mai wa kumeneko akatseka zenera utsi umamuliza misozi, akatsegula fumbi limagwera mu nsima ya ana.

Poona zimenezi msuweni wanga anawagulira amai ake cipewa ca citsulo cimene amapacika pamwamba pa sitovu kuti cizikoka utsi ndi nthunzi, cija eni masitolo amaciti cooker hood. Catsopano ndi codula, ndiye iye anagula cogwirapo kale nchito kwa munthu wina wogulitsa katundu wakale. Anacikhomera pa khoma, nacilumikiza ku magetsi. Cinalira ndithu, koma utsi unangozungulira m'cipindamo monga kale, ndipo azakhali anati, "Mwanangu, wandigulira phokoso."

Colakwa tinacipeza titacitsitsa. Zipewa zimenezi zimagwira nchito m'njira ziwiri. Zina zimasefa mpweya ndi kuubwezera m'khichini momwemo. Zina zimauturutsa kunja kupyolera m'paipi. Msuweni wanga sanaike paipi iliyonse, ndipo sefa yake inali itaphimbika ndi mafuta a eni ake oyamba, mphemvu zitamangamo mudzi. Cipewa cobwezera mpweya m'nyumba cingacepetse fungo la kapenta, koma utsi weni-weni siciucotsa.

Ngati mufuna kugula cipewa cotere, auzeni ogulitsa aciyatse inu mukuona, ndipo ikani pepala pansi pa sefa: likakakamira ndiye kuti injini ikali ndi mphamvu. Yang'anani dzimbiri m'makona, ndi waya ngati makoswe sanautafune. Cipewa ca penti wakale wosupuka cisiyeni, cifukwa penti wina wakale anali kuikamo mtovu, ndipo kungakhale kupusa kuthawa mtovu wa pabwalo ndi kuupacika pamwamba pa mphika. Sefa ya citsulo imayera mukaiviika m'madzi otentha a sopo ndi soda. Za kulumikiza magetsi siyirani amene anaphunzira nchitoyo, cifukwa cipewa ca citsulo copanda waya wopita pansi cingagwire munthu wa manja onyowa.

Kupacika nakonso kuli ndi malamulo ake. Cipewa cikhale masentimita 65 kufikira 75 pamwamba pa sitovu; cikatsika kwambiri cimapsa, cikakwera utsi umacilambalala. Paipi ikhale yofanana kukula ndi kamwa la cipewaco, yaifupi, yosakhota-khota. Ife tinaboola khoma, osati denga, popeza denga la nyumbayo ndi la malata a asbestos, ndipo fumbi lake likalowa m'mapapo limabweretsa matenda osacirika patapita zaka zambiri. Paipi isathere m'siling'i, cifukwa mafuta akaunjikana m'menemo tsiku lina adzayaka. Kukamwa kwake kunja tinaikako kacitseko kogwa kokha, kuti fumbi ndi mbewa zisalowerepo.

Pali cina cimene ambiri saciganizira. Mpweya umene cipewa cikuturutsa uyenera kulowedwa m'malo ndi wina. Mukatsegula zenera la kumseu, cipewaco cidzakhala cikukukokerani fumbi lomwelo limene mukulithawa. Azakhali tsopano amatsegula citseko ca m'kati copita ku cipinda cocezera, ndipo pansi amakolopa ndi nsanza yonyowa m'malo mosesa.

Koma ndisakunamizeni, cipewa ca magetsi ndi bwenzi la pa mtendere. M'caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi m'nyanja ya Kariba, magetsi anali kuzima maola 17 kapena kuposerapo pa tsiku m'madera ambiri. Nthawi imene magetsi azima ndiyo imene mai amakoleza mbaula, ndipo ndiyonso imene cipewa cimangoti zii. Makala amaturutsa mpweya wa poizoni wosaoneka ndi wosanunkha, umene umayamba ndi mutu ndi cizungulire, nugoneka munthu tulo tosadzuka. Pa cifukwa cimeneci mbaula ya azakhali tinailamula kukhala pakhonde, pamalo a simenti otsukidwa, mphika uli wobvundikira.

Inu a kumidzi amene mulibe magetsi musadandaule kuti nkhaniyi siikukukhudzani. Mmisiri wokhoma zidebe angathe kukupangirani cipewa ca lata cokhala ndi cumuni, ndipo cimeneco sicifuna injini, popeza utsi wotentha umakwera wokha. Cumuni ciongoke ndi kupitirira msonga ya denga. Ngati khichini yanu ndi yofolera ndi udzu, pamene cumuni cikudutsa pakhale lata lalikulu lochinga kuti citsulo cotentha cisakhudze udzu, ndipo mwaye muziugwedeza kawiri-kawiri. Lata lake lisakhale la mgolo umene munali mankhwala a thonje kapena a fodya.

Pamene ndinali kutsazika Lolemba m'mawa, magetsi analipo ndipo azakhali anali kukazinga kapenta. Ndinaima kuseri kwa nyumba ndi kuona nthunzi ikuturuka pa khoma. Iwo akudandaulabe za phokoso, ndipo msuweni wanga walonjeza kudzamanga bauti imene ikugwedera akadzalandira malipiro a mwezi uno.